Wakuba Mnofu wa Goodson

Milandu imene inkafika pa polisi ya Mzimba Boma zaka zimenezo inali yodziwika kale: ng'ombe zadya chimanga cha eni, wina wabetsa njinga kumowa, wina watchola dzino la mlamu wake pamaliro. Sajeni Bestone Chimtengo, mwamuna wa ku Dedza wa mimba yake ndithu ndi phwete logwedeza mawindo, ankati yonseyo atha kuitha ali m'tulo. Koma Lachinayi lina m'mawa, atangoviika chinangwa mu tiyi, kunalowa nesi Felesta, kachipewa koyera katapendekeka, nsapato zili fumbi lokhalokha.

"A Sajeni, ndabwera kudzanena za kuba."

"Akuberani chiyani, asisitala? Mankhwala?"

"Mnofu wa ana."

Bestone anabwezera chinangwa pambale. Mlandu woterewu anali asanaumvepo chilembedwere ntchito.

Felesta ndiye ankayendetsa sikelo ya ana ku komboni ya Kuchigayo, kutsidya kwa dambo, kumene kumakhala osoka pakhonde, ophika mowa ndi aganyu. Kanyumba ka sikeloyo anthu anamanga okha pa sabata ya achinyamata, njerwa zoumba okha, malata ochita kupemphetsa. Kasanamangidwe, mayi wa kumeneko ankayenera kutseka geni tsiku lathunthu kuti akaime pamzere kuchipatala chachikulu, ndipo ambiri ankangokhala, mwana n'kumatsokomola kumsana. Ndiye kanyumbako ankakanyadira kuposa tchalitchi chawo.

"Mwezi uno ana onse atsika," anatero Felesta. "Onse! Ngakhale amene masaya akuchita kulendewera. Ndinayamba ndaganiza za njala, koma njala yanji anthu akukolola? Tsono amayi athawa. Akuti sikelo yanga ikupasula mabanja."

Apa Bestone sanafunikire womasulira. Kwawo ku Dedza amati tsempho, kuno amati moto, koma nkhani ndi imodzi: mwana wa kubere akayamba kuonda, akuluakulu sayang'ana m'mbale, amayang'ana kuti pakati pa bambo ndi mayi wayenda njira yolakwika ndani.

"Mabanja ena angotukwanizana n'kusiya," anapitiriza Felesta, "koma mayi wina, Towera, zamugwera. Mwamuna wake Wallace anali ku esiteti ya fodya ku Kasungu miyezi yonseyi, ndiye chala chaloza Towerayo. Loweruka akumubweza kwawo ku Edingeni. Mwana atsala, poti ng'ombe za malowolo zinapita kale. Mwanayo, Goodson, akadayamwa, a Sajeni."

Phwete la Bestone linazima. Mkuluyu ankatha kuseka mlandu uliwonse, koma za mwana kumuchotsa pabere sankaziseka. Anavala chipewa, tiyi n'kumusiyira ntchentche.

* * *

Pakhomo pa Wallace chinthu choyamba kumulandira chinali mtolo. Unali pafupi ndi chitseko, womangidwa m'chitenje chobiriwira, chogwirira cha poto chitasuzumira pamfundo. Towera anagwada chapatali, maso otupa. Wallace anakhala pa njerwa akutokosa pansi ndi kamtengo. Pamphasa panali mayi ake a Wallace, aNyamoyo, mayi wamfupi wa mawu akuthwa, ndipo pampando wokhawo wa pakhomopo panali mlongo wawo, a Stafford Moyo, tcheyamani wa komiti ya sikelo, jekete ili pathupi ngakhale dzuwa linali litakwiya.

"Yewo, bwana," anayamba aNyamoyo asanafunsidwe n'komwe. "Ife mlandu tilibe. Mwana watsika, mbwenu. Mwamuna kulibe, mwana watsika. Kodi pamafunikanso wapolisi pamenepa?"

"Nanga inu, mayi?" Bestone anacheukira Towera.

"Ine yayi, bwana," anayankha motsitsa, osadzutsa mutu. "Chiuta ndiye mboni. Ndimagona ndi mwanayu, ndimadzuka ndi mwanayu."

"A Wallace?"

"Mkazi wanga ine ndimamudziwa, bwana. Kweni amama ndi asibweni ayankhula kale. Ine ndingatani?"

Amalume akewo, a Stafford, anakonza kolala n'kutsokomola ngati akutsegula msonkhano. "Ofisala, monga tcheyamani ndikuuzeni. Sikelo ndi sayansi. Munthu atha kunama, sikelo siinama. Ine ndikumva chisoni chomene, koma mwambo ndi mwambo."

"Tandipatseni mwanayo," anatero Bestone.

Towera anamumasula kumsana. Bestone anatambasula manja mwamphwayi, poyembekezera kamwana kopepuka, koma anachita kudzuma. Goodson anali chimwana cha mikono yopindikapindika, khosi losaoneka, ntchafu ngati mitanda ya buledi. Anagwira batani la yunifolomu, naseka ndi mano ake awiri, kenaka anamutaira sajeniyo madzi ofunda pamalaya onse. Wallace analephera kudzigwira, anaseka chobisa nkhope. Ngakhale Towera kukamwa kunagwedera.

"Wandidalitsa," anatero Bestone akukunkhumula malaya. "Amama, ameneyu ndiye mukuti akutha?"

"Maso amanama, bwana," anatero aNyamoyo. "Moto umadyera m'kati. Chaka chino chilichonse n'chopepuka. Nyemba zanga za kholophethe kumudzi, matumba kuchita kukana kusokeka, koma kuyeza, mphepo yokhayokha. Chaka choipa chomene."

Bestone anangogwedeza mutu. Anafunsa a Stafford kuti makiyi a kanyumba ka sikelo amasunga ndani.

"Nesi ndi ine basi. Anga sachoka m'thumba muno. Lachisanu lokha ndi limene ndimachokapo, kukaona ng'ombe kumudzi, koma makiyi ndimapita nawo." Anakhala ngati akuganiza. "Koma ngati mukufuna munthu wa manja aatali, mufunseni Jonasi wa kubutchala. Anabwerapo kudzabwereka sikeloyo yake itafa. Ndinamukaniza, anachoka akung'ung'udza."

Potuluka pampanda Bestone anapatuka kupewa njinga ya a tcheyamani, Hamba yakuda yopukutidwa bwino, kaliyala yake yokulungidwa ndi malegeni ofiira. Anaisirira, poti yake ya boma inalibe ndi mabuleki omwe.

* * *

Kanyumba ka sikelo kanali zii. Mabenchi anali opanda munthu, nkhuku ya eni itaikira dzira pansi pa tebulo. Chitseko chinalibe pothyoka, zenera linali ndi zitsulo zake zonse. Felesta anatsegula bokosi natulutsa sikeloyo. Inali yozungulira ngati wotchi ya pakhoma, ngowe kumwamba, ngowe kunsi, pambali pake pali chibonyongo chimene chinabwera tsiku lina itagwa pamtanda.

"Onani," anatero ataipachika. "Muvi uli pa ziro bwinobwino. Ndimayang'ana nthawi zonse ndisanayambe. Ndiye ndinganene bwanji kuti yafa?"

Bestone anaweramira ngowe ya kunsi. Pokhota pake panakodwa timaulusi tofiirira, tokhakhala.

"Ana anu amavala masaka, asisitala?"

"Amalowa m'kabudula wa nsalu uyu. Bwanji?"

Bestone anasiya ngowe ija. Anatembenuza bokosi lija naligogoda pansi. Munagwa fumbi, anankafumbwe angapo amene anayamba kuthawa, ndi kanthu kena kamene kanagubuduzika mpaka pa nsapato yake. Anakatola. Inali nyemba imodzi, yoyera ya mawanga ofiira.

"Iyi si yanga," anatero Felesta. "Ine nyemba zimanditupitsa m'mimba."

"Ndiye kuti sikelo yanu ili ndi ntchito ina imene inu simuidziwa," anatero Bestone. Nyembayo anaiponya m'thumba, sikelo n'kuiika kukhwapa. "Tiyeni tikagule nyama."

* * *

Jonasi wa kubutchala anali munthu woti ukamufunsa njira amakuuza ndi mbiri ya amene anailima. Ataona yunifolomu anakweza manja onse, chikwanje chili m'dzanja.

"Bwana mkubwa! Mbuzi iyi chikalata chake chilipo, mwini wake alipo, ngakhale mayi ake a mbuziyo ndikhoza kukusonyezani!"

"Sindinabwerere mbuzi. Unakabwerekapo sikelo iyi?"

"Ndinapempha, anandikaniza, mbwenu ndinakawotcheretsa yanga. Ine kuba za ana? Ndapota, bwana, anga alipo asanu ndi mmodzi, onse anapachikidwapo pa ngowe imeneyo."

"Pachika mwendo uwo pa sikelo yako."

Jonasi anapachika. Bestone anaona pamene muvi waima, kenaka anakoleka sikelo ya ana pamtanda womwewo n'kusamutsirapo mwendowo. Muvi unanyamuka mwaulesi, nuima kutali ndithu usanafike pamene unafika unzake. Anthu ogula anali atayamba kale kuunjikana.

"Mwina yako ndi imene ikunama," anatero Bestone.

"Yanga ikati iname, bwana, imanamira kumwamba, pang'ono pokha, ngati mchere wa m'ndiwo," anatero Jonasi, anthu n'kufa nako kuseka. "Koma iyi! Ndigulitsire pa iyi, mwezi usanathe ndikhala ndikuyenda wopanda buluku."

Bestone anaseka nawo, koma pakati pa phwetelo mfundo ina inamufikira. Zoonadi, wogulitsa sangafune sikelo yopeputsa katundu. Woifuna ndi wogula. Jonasi anali atadzichotsa pamlandu ndi pakamwa pake pomwe.

"Ndibwereke kampeni," anauza Jonasi.

Anamasula mosamala tizitsulo ta kumbuyo kwa sikelo ya ana ija, Felesta akuonerera. Chivindikiro chitachoka, onse atatu anasuzumira. M'mbali mwa sipuling'i munali mutamangidwa kachidutswa ka mphira, kolimba bwino, mfundo zake zaukatswiri. Sikelo ikakhala yopanda kanthu kankangogona, muvi n'kukhala pa ziro. Ikalemedwa, kankakoka nawo mobweza.

Kanali ka legeni wofiira.

* * *

Lachisanu Bestone anadikira mpaka Hamba yakuda ija itadutsa pa mlatho kulowera kumudzi. Pakaliyala panalibe bokosi, chifukwa sikelo inagona ku polisi, ndipo wokwerayo nkhope inali ngati wamwa mankhwala a malungo. Atatero sajeniyo anapita kwa aNyamoyo, amene anawapeza akusankha mphale. Mtolo wobiriwira uja unali pomwe paja.

"Amama, ndabwera ngati mwana wanu, osati wapolisi. Nyemba zija munagulitsa kuti?"

ANyamoyo anayang'ana uku ndi uku. Masiku amenewo mbewu zinkayenera kupita ku msika wa boma, ndipo wogula mwamseri ankachita ngati akugulitsa chamba.

"Musaope. Za msika si zanga lero."

"Mlongosi wanga ndiye amatithandiza," anatero monong'ona. "Amatigula pakhomo pomwe, ife osavutika ndi ngolo. Mudzi wonse umagulitsa kwa iye. Munthu wa chisungusungu chomene, wachifundo."

"Amayezera chiyani?"

"Ali ndi sikelo yake. Akuti anagula kwa mmwenye ku Lilongwe."

"Yooneka bwanji?"

"Yoyera, ngati wotchi. Ili ndi chibonyongo apa." Analoza pa tsaya lawo.

Bestone anatulutsa nyemba ija m'thumba naiika pa lichero, pakati pa mphale. ANyamoyo anaitola, naitembenuza.

"Kholophethe. Ngati zanga. Mwaitenga kuti?"

"Mawa m'mawa mubwere ku sikelo ndi mdzukulu wanu, mudzaona. Basi ya ku Edingeni idikire kaye."

* * *

Kuitana amayi a Kuchigayo kuti abwere ku sikelo kukanakhala kutaya malovu. Bestone anangouza Jonasi, mwachinsinsi, kuti Loweruka m'mawa apolisi akaonetsa wakuba pa kanyumba ka sikelo, ndipo asauze munthu. Dzuwa lisanalowe nkhaniyo inali itafika ndi kwa agonthi omwe. Anthu a Kuchigayo atha kuthawa jakisoni, koma wakuba sangamuphonye.

Kunadzaza. Amayi ndi ana kumsana, azibambo amene chimangidwire kanyumbako anali asanapondepo, ophika mowa atasiya migolo pamoto. A Stafford anafika ndi jekete yawo, naimika njinga pansi pa mtengo wa mango, nakhala kutsogolo monga tcheyamani. Towera anaima kumbuyo kwenikweni atavala zaulendo.

Bestone anapachika sikelo panthambi ya mango kuti aliyense aone.

"A tcheyamani anandiphunzitsa kuti sikelo siinama," anayamba. "Tiyeni tione. Bweretsani Goodson."

Felesta anamulowetsa m'kabudula namukoleka. Mwanayo anayamba kupalasa miyendo m'malere, akusekerera khamu lonselo ngati labwerera iye. Muvi unaima pamene unaima tsiku latsoka lija. Felesta anadindapo chala.

"Mwaona!" anatero aNyamoyo. "Pomwe paja!"

"Dikirani, amama."

Anamutsitsa mwanayo. Bestone anatsegula kumbuyo kwa sikelo, nakoka kalegeni kaja, nakakweza m'mwamba kuti onse akaone. Anatseka, napachikanso. Goodson anabwerera m'kabudula wake.

Muvi unanyamuka. Unafika pa chala cha Felesta, sunaime. Unadutsa pamene mwanayo anafika mwezi wathawo, nupitirirabe, n'kukaima patsogolo ukunjenjemera.

Anthu anayang'anitsitsa muviwo. Kenaka mayi wina kumbuyo anaimba nthungululu, ndipo bwalo lonse linaphulika. Amayi anayamba kumasula ana, kukankhana, aliyense akufuna wake akwere msanga. Bambo wina wosoka nsapato, amene anagona pakhonde sabata yonse chifukwa cha sikelo yomweyo, anavula chipewa n'kuyamba kuponda ingoma yekhayekha.

"Nanga wakubayo ali kuti?" anakuwa Jonasi. "Tinalonjezedwa wakuba!"

Bestone anayenda mosafulumira kupita pa Hamba ija. Anamasula nsonga ya legeni wa pakaliyala, nalumikiza ndi kachidutswa kaja. Modulidwa mwake munagwirizana ngati mlomo wa m'mwamba ndi wa m'munsi.

"Malegeni ofiira ali ponseponse, ofisala," anatero a Stafford. "Uwu si umboni."

"Zoona. N'chifukwa chake ndabweretsa mboni." Bestone anatembenuza sikelo kuti chibonyongo chiyang'ane kwa aNyamoyo. "Amama, sikelo ya mmwenye wa ku Lilongwe ija, mukaiona mungaizindikire?"

ANyamoyo anayandikira. Ku sikelo anali asanabwereko, poti ankati ndi za atsikana. Anayang'ana chibonyongocho, nachikhudza ndi chala. Anayang'ana mlongo wawo. Nkhope yawo inayamba kusintha pang'onopang'ono ngati mkaka ukamawira.

"Stafford. Nyemba zanga."

"Adumbu, tikambirane kunyumba..."

"Nyemba zanga, iwe! Unati chaka n'choipa! Ndipo unakhala pampando pakhomo panga, ukudya nkhuku yanga, ukundiuza kuti ndithamangitse mwana wa eni, ukudziwa!"

A Stafford ankadziwadi. Lachisanu lililonse ankatenga sikelo ya ana kukagulira nyemba kumudzi, n'kuibweza asanaione munthu. Poyamba ankachotsa legeniyo pobweza, kenaka ulesi unawagwira, poti ana sadandaula. Zitavuta, kunena kuti sikelo yanama kunali kudziulula okha, ndiye anasankha kuti Towera apite.

Ndodo ya aNyamoyo inagwira ntchito kawiri Bestone asanafike, ndipo kunena zoona sajeniyo sanathamange kwenikweni. Anawagwira a tcheyamani pamkono mwaulemu.

"Tiyeni, bambo. Njingayi muziikankha nokha, ndi umboni."

Felesta sanataye mwayi. Anali atatsegula kale bokosi la katemera wa chikuku, ndipo mwana aliyense wotsika pa ngowe ankagwera m'manja mwake. Kulira kwa ana kunasakanikirana ndi nyimbo za amayi awo. Nesiyo ankabaya akuseka, misozi ili m'masaya.

* * *

Atatsekera munthu wake, Bestone anabwerera ku Kuchigayo, akuti kukalemba umboni wa aNyamoyo, koma mtima wake unkafuna kuona mtolo uja. Anapeza anthu a pakhomopo atangofika. Wallace ndiye ananyamula Goodson paphewa, poyera, anzake akumuseka iye osasamala. Towera anaima pafupi ndi chitseko, pambali pa mtolo wake, osadziwa ngati aukhudze kapena ayi. Palibe amene anali atamuuza kanthu.

ANyamoyo anafika pambuyo, akutsimphina. Anaima patsogolo pa Towera, mkamwana wawo, nthawi yaitali. Kenaka anagwada pansi movutikira, mawondo akulira, nayamba kumasula mfundo ya chitenje chobiriwira chija. Inali yolimba, poti anaimanga okha ndi mkwiyo, ndipo anachita kuiluma ndi mano. Anatulutsa poto, nakamuika pa mafuwa. Anatulutsa madiresi, nakawaika m'nyumba. Anabwera ndi chitenje chili chopanda kanthu, nachikung'untha fumbi.

"Wallace, bwera naye kuno mwanayo."

Anamulandira Goodson, nadzuma ndi kulemera kwake monga anachitira Bestone. Sanamubereke okha. Anazungulira kumbuyo kwa Towera, namugoneka mwanayo pamsana pa mayi ake, nakulunga chitenjecho, namanga mfundo pachifuwa ndi manja awo.

"Ndakulakwira, mwana wanga," anatero. "Chimwana chonsechi ndi bere lako. Ine maso ndinali nawo, koma ndinakamvera chitsulo."

Towera analira tsopano, kulira kumene anakusunga sabata yonse, koma uku akuseka. Bestone anatembenuka n'kuyamba kuyang'ana denga la oyandikana nawo ngati lili ndi mlandu.

"Mwezi wamawa ku sikelo tipitira limodzi," anawonjeza aNyamoyo akupukuta m'maso ndi nsonga ya duku. "Ndikamuyeze kaye ndi manja angawa, kenaka apachike."